PHUNZIRO LA MWEZI UNO: LAMULO LA WOYENDETSA GALIMOTO ATAMWA MOWA

Mwezi wa Epulo ukafika, anthu a kwa Kaluluma ayamba kuona phindu la thukuta lawo. Fodya uja anafesa ku nazale dzuwa likuswa mtengo, namuokera ndi mvula yoyamba, namthyola ndi kumpachika m'zigafa, tsopano ali m'mabelo. Malole anyamula mabelowo kupita nawo ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo ndalama ziyamba kulowa m'midzi. Wina agula malata, wina njinga yamoto, wina alipira fizi ya mwana.

Koma nyengo yomweyi ndiyonso mowa umalonda kwambiri. Aliyense wokhala pa Nkhamenya, pa Chatoloma kapena pamalo ena a malonda m'mbali mwa msewu wa M1 adziwa m'mene zikhalira madzulo a tsiku la msika. Msewu umenewu ndiwo waukulu m'dziko muno. Udutsa ku Lilongwe ndi pa Kasungu, nupitirira ku Jenda ndi ku Mzuzu, ndipo malole, mabasi, maminibasi, akabaza, ngolo ndi ana a sukulu onse ayenda pamenepo. Ntchito yokonzanso msewuwu inayamba mu 2022, ndipo pamene msewu wasalala magalimoto athamanga koposa kale.

Chifukwa chake Boma lifuna kuti anthu onse a m'midzi adziwe bwino lamulo la munthu woyendetsa galimoto atamwa mowa. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo, ndipo aphunzitsi afotokozere ana m'sukulu. Mutu wa phunziroli ndi uwu: lamulo silifunsa munthu ngati iye mwini akumva kuti waledzera. Lamulo liyesa mowa umene uli m'magazi mwake.

LAMULO LINENA CHIYANI?

Malamulo a pamsewu a dziko la Malawi ali m'buku lotchedwa Road Traffic Act, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 1997. Apolisi a pamsewu ndiwo aonetsetsa kuti malamulowa akutsatidwa, ndipo ofesi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services ndiyo ipereka malaisensi a madalaivala ndi mapepala a magalimoto. Gawo 128 la malamulowa ndilo linena za mowa, ndipo muli milandu iwiri yosiyana.

Mlandu woyamba ndi wa munthu woyendetsa galimoto pamsewu wa anthu onse ataledzera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, monga chamba. Mlandu umenewu umboni wake ndi zimene anthu aona: galimoto kuyenda mokhotakhota, dalaivala kudzandira, kulankhula mokoka lilime, kununkha mowa.

Mlandu wachiwiri ndi wa munthu amene mowa wa m'magazi mwake wafika pa muyeso woletsedwa. Pa mlandu uwu sipafunika kuti munthu adzandire ayi. Angathe kuyenda mowongoka, kulankhula bwino, kuyendetsa galimoto osagunda kanthu, koma ngati muyeso wakwana, iye walakwira lamulo.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sazidziwa. Choyamba, lamulo ligwiranso munthu woledzera amene wangokhala pa mpando wa dalaivala injini ikulira, ngakhale galimoto yaima. Chachiwiri, njinga yamoto nayonso iwerengedwa ngati galimoto. Mnyamata wa kabaza ali pansi pa lamulo lomwelo limene ligwira dalaivala wa basi yaikulu.

MUYESO WA 0.08

Chimene chiledzeretsa munthu mu mowa uliwonse ndi chimodzi, kaya ndi masese, Chibuku, mowa wa m'mabotolo kapena kachasu. Kusiyana kwake n'kwakuti mowa wina uli ndi ukali wambiri, wina wochepa. Ukali umenewu ndiwo ulowa m'magazi, ndipo ndiwo lamulo liyesa.

Muyeso woletsedwa m'Malawi ndi galamu 0.08 m'mamililita 100 a magazi. Mamililita 100 ndi pafupifupi theka la kapu ya tiyi, ndipo galamu 0.08 siifika ngakhale kulemera kwa njere imodzi ya chimanga. Kanthu kochepa chotere m'theka la kapu ya magazi nkokwana kusokoneza mutu wa munthu wamkulu.

Kodi munthu amwe mowa wochuluka bwanji kuti afike pamenepo? Yankho lake silimodzi kwa anthu onse. Munthu wochepa thupi afika msanga kuposa wojintcha. Mkazi afika msanga kuposa mwamuna wolemera mofanana naye. Womwa ndi njala afika msanga kuposa amene wadya nsima. Mwamuna wolemera makilogalamu 60 akamwa mabotolo atatu a mowa motsatizana m'mimba mulibe kanthu, angathe kufika pa 0.08. Paketi ya lita imodzi ya Chibuku ili ndi ukali wonga wa mabotolo awiri kapena kuposa pang'ono. Kachasu ndiye woopsa koposa, pakuti palibe amene adziwa ukali wake, ngakhale mayi wotcheza yemwe. Wa mutu, uja ayamba kutuluka, ndi waukali kwambiri kuposa wotsiriza, ndipo kabotolo kamodzi kangathe kupyoletsa munthu muyeso.

Owerenga asaganize kuti munthu amene sanafike pa 0.08 ndiye kuti ali bwino. Nambala imeneyi ndi malire a mlandu wachiwiri chabe. Mowa uyamba kuononga luso la dalaivala kale kwambiri asanafike pamenepo, ndipo mlandu woyamba uja ungathe kumgwirabe.

MOWA UCHITA CHIYANI M'THUPI?

Nsima ifuna nthawi kuti igayike, koma mowa sudikira kugayika. Ulowa m'magazi kupyolera m'chifu ndi m'matumbo, ndipo pakangopita mphindi zowerengeka ufika ku ubongo. Upitirira kuchuluka m'magazi kufikira ola lathunthu kapena kuposa munthu atasiya kumwa. Ichi ndi chifukwa chake wina atuluka m'bala ali bwinobwino, koma mowa numgwira ali pakati pa ulendo.

Mu ubongo mowa uchita zinthu zinayi. Poyamba uchotsa mantha ndi kulingalira, kotero kuti munthu adziona ngati katswiri, napitirira lole pokhota kapena pachitunda. Chachiwiri uchedwetsa manja ndi miyendo kumvera zimene maso aona. Chachitatu uchepetsa kuona, makamaka zinthu za m'mbali ndiponso usiku. Chachinayi ubweretsa tulo.

Kuchedwa kumeneku kuoneka ngati kochepa, koma masamu asonyeza zina. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola iyenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Mwana akadumphira pamsewu, dalaivala wosamwa ataya sekondi imodzi kapena kuposa pang'ono asanaponde buleki. Dalaivala womwa akachedwa ndi sekondi ina imodzi yokha, galimoto yapita kale mamita ena 22 isanayambe n'komwe kuima. Mamita amenewo ndiwo asiyanitsa mwana wopulumuka ndi maliro.

Mu 1962 ndi 1963 mumzinda wa Grand Rapids ku America, akatswiri anayesa madalaivala zikwizikwi, ena amene anachita ngozi ndi ena amene sanachite. Anapeza kuti ngozi ziyamba kuchuluka mowa ukapyola 0.04. Zofufuza za pambuyo pake zatsimikiza zomwezo: pa 0.08 dalaivala ali pa ngozi kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi wosamwa, ndipo pa 0.15 kakhumi kapena kuposa.

MOWA UCHOKA NDI NTHAWI YOKHA

M'midzi muli mankhwala ambiri amene anthu anena kuti achotsa mowa. Ena ati tiyi kapena khofi wopanda shuga, ena ati kusamba madzi ozizira, ena ati kudya nyama yootcha ya tsabola, ena ati kutafuna mtedza kapena chingamu. Zonsezi sizichotsa mowa m'magazi. Khofi achotsa tulo pang'ono, chingamu chibisa fungo, koma muyeso ukhala pomwepo.

Chiwindi ndicho chigwira ntchito yochotsa mowa, ndipo sichifulumira. Kwa anthu ambiri chitsitsa muyeso ndi 0.015 pa ola limodzi. Palibe chakudya, mankhwala kapena masewera amene angachifulumizitse.

Nayi nkhani yofunika kwa madalaivala a malole onyamula fodya, amene anyamuka m'mamawa kuti akafole msanga ku okushoni. Munthu wamwa kwambiri, ndipo pofika 12 koloko usiku muyeso wake uli pa 0.16. Agona maola 5, nadzuka 5 koloko tambala akulira, nasamba, namwa tiyi. M'maola 5 amenewo chiwindi chachotsa 0.075 yokha, ndipo chatsala 0.085. Munthuyu adziona ngati mowa unatha ndi tulo, koma akaliza injini walakwira kale lamulo. Mowa wa dzulo ugwiritsa mlandu lero.

APOLISI AYESA BWANJI?

Mowa wa m'magazi utulukako pang'ono m'mapapo, nusakanikirana ndi mpweya umene munthu apuma. Kotero apolisi ali ndi kamakina kamene dalaivala auziramo mpweya, ndipo kamakinako kasonyeza nambala. Dokotala angathenso kutenga magazi ndi kuwayesa kuchipatala.

Nkhani ya dalaivala woledzera ndi yakale ngati galimoto yomwe. Mu 1897 ku London, dalaivala wa galimoto ya hayala analipitsidwa chindapusa atagunda nyumba ali woledzera. Masiku amenewo khoti linkadalira maso a mboni, ndipo milandu inkavuta, pakuti woimbidwa mlandu ankati anatopa chabe. Dziko la Norway ndilo linayamba kuika nambala m'lamulo mu 1936. Mu 1954 Robert Borkenstein, amene anagwira ntchito ya upolisi ku Indiana m'dziko la America, anapanga makina oyesera mpweya amene anafala m'maiko ambiri. Dziko la Britain linaika muyeso wa 0.08 mu 1967. Kuyambira pamene nambala inalowa m'malamulo, mawu akuti “ine mowa sundigwira” alibenso ntchito m'khoti.

Dalaivala akaimitsidwa ayenera kuima ndi kumvera. Kukangana ndi wapolisi kapena kuthawa kungoonjezera milandu. Kupereka ndalama ya m'manja kuti wapolisi atseke maso ndi mlandu wina wa ziphuphu, woletsedwa ndi lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, ndipo ugwira wopereka ndi wolandira yemwe. Ndalama iliyonse imene munthu alipira chifukwa cha mlandu ikhale ndi lisiti la Boma.

CHILANGO CHAKE

Chilango chikula molingana ndi zimene zachitika. Pali makwerero anayi.

1. Woyendetsa ataledzera, kapena atafika pa muyeso, ngakhale sanagunde kanthu. Khoti la majisitireti lingathe kumlipitsa chindapusa, kumtsekera m'ndende, kapena zonse ziwiri. Lingathenso kuimitsa laisensi yake kwa nthawi kapena kuifafaniza. Kwa munthu amene adyera chiwongolero, kulandidwa laisensi ndi kuchotsedwa ntchito.

2. Woyendetsa mosasamala, wovulaza munthu kapena kuononga katundu. Uwu ndi mlandu wina wa pa Gawo 126, ndipo uonjezedwa pamwamba pa wa mowa uja.

3. Wopha munthu. Gawo 126 lomwelo linena za kupha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala, ndipo chilango chake ndi chachikulu koposa. Kusasamalako kukakhala koipitsitsa, Boma lingathe kumzenga mlandu wa kupha munthu mosakonzekera, wa m'buku la Penal Code, umene chilango chake chachikulu ndi kukhala m'ndende moyo wonse.

4. Chipukuta misozi. Mlandu wa Boma ukatha, wovulala kapena abale a womwalira ali ndi ufulu wosumira dalaivala ndi mwini galimoto kuti alipire. Lamulo lilamula kuti galimoto iliyonse, ndi njinga yamoto yomwe, ikhale ndi inshuwalansi yolipirira anthu ena ovulazidwa, koma inshuwalansi ili ndi malire ake. Zopyola malirewo alipira mwini wake kuchokera m'thumba. Amene alibe inshuwalansi alipira zonse yekha, ndiponso ayankha mlandu wa kuyenda wopanda inshuwalansi.

Munthu asaganize kuti akanena m'khoti kuti “unali mowa, bwana, sindinadziwe chimene ndinali kuchita,” ndiye kuti apepukidwa. Gawo 13 la Penal Code linena kuti kuledzera kumene munthu wadzifunira yekha si chodzitetezera pa mlandu. Pa mlandu wa pamsewu, mawu amenewo ali ngati kuvomera kulakwa.

MLANDU WA BOMA SUTHERA PA BWALO LA MFUMU

Nachi chitsanzo chosonyeza m'mene zinthu zotere ziyendera. Munthu wa m'chitsanzochi alibe dzina, pakuti angathe kukhala aliyense.

Mlimi wina wagulitsa mabelo ake, nabweza ngongole ya feteleza, ndipo ndalama yotsala wagula njinga yamoto kuti azichita kabaza nthawi ya chilimwe. Tsiku la msika akumana ndi anzake, ndipo iwo ati njinga yatsopano iyenera kunyowetsedwa. Mkazi wake, amene anabwera naye kudzagula mchere ndi sopo, amuuza kuti: “Bambo, dzuwa lapendeka. Tisiye njingayi kwa achimwene anu pano, tidzaitenge mawa.” Iye ayankha kuti: “Mayi, njira ya kwathu ndiidziwa ngakhale nditatsinzina.” Mkaziyo akana kukwera, nauyamba wapansi. Mwamunayo anyamuka chisisira, ndipo asanapatuke pa tala agunda mtsikana wochokera kuchigayo ndi ufa pamutu. Mtsikanayo athyoka mwendo, natengeredwa kuchipatala.

M'mawa abale a mlimiyo apita kwa a nyakwawa ndi mbuzi, napempha kuti nkhaniyo ikambidwe pachibale. A nyakwawa awayankha kuti: “Ana anga, kupepesa n'kwabwino, ndipo mbuziyi ipite kwa eni mwana kuti mitima izizire. Koma mlandu wa pamsewu ndi wa Boma. Ine ndilibe mphamvu youthetsa.”

A nyakwawa anena zoona. Mafumu ali ndi ntchito yaikulu yoyanjanitsa mabanja, koma kuyendetsa galimoto utamwa ndi kulakwira Boma, ndipo woweruza wake ndi majisitireti. Ngakhale makolo a mtsikanayo atakhululuka, mlandu wa mowa ukhalapobe. Akulu anati mlandu suola.

Tsono owerenga awerengere zimene mlimiyu wataya. Njinga ili ku polisi ndipo yaphwanyika. Chindapusa chidya ndalama ya feteleza wa chaka chamawa. Akapita kundende, nazale ifesedwa ndi yani? Ana ake asowa fizi. Mtsikana uja ajomba kusukulu miyezi ingapo, ndipo mwina adzatsimphina moyo wake wonse. Mabanja awiri amene anali kutunga pa mjigo umodzi saonananso ndi diso labwino. Ntchito ya miyezi khumi yathera pa madzulo amodzi. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama ya fodya nayonso ikhala ya mlimi pokhapokha iye atafika nayo kunyumba ali wamoyo ndiponso wopanda mlandu.

Ngozi ikachitika, lamulo lifuna kuti dalaivala aime, athandize wovulala, ndi kukanena ku polisi msanga. Wothawa aonjezera mlandu. Anthu a m'mudzi nawonso asamenye dalaivala kapena kutentha galimoto, pakuti kutero ndi mlandu, ndiponso kuchedwetsa wovulala kufika kuchipatala. Ntchito yawo ndi kunyamula wovulala mosamala, kulemba nambala ya galimoto, ndi kudzapereka umboni woona.

MALAMULO A MAIKO ENA

Anyamata ambiri a ku Kasungu ndi ku Mzimba apita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo ena ayendetsa malole opita maiko oyandikana nawo. Amenewa adziwe kuti dziko lililonse lili ndi muyeso wake, ndipo mlendo aweruzidwa ndi lamulo la dziko limene alimo.

Ku Zambia ndi ku Zimbabwe muyeso ndi 0.08 monga kuno. Ku South Africa ndi 0.05, ndipo kwa madalaivala a ntchito, monga a mabasi ndi malole, ndi 0.02. Munthu amene pa Jenda sakadagwidwa angathe kugona m'chitokosi ku Johannesburg ndi mowa womwewo. Ku Sweden muyeso ndi 0.02 kuyambira 1990. Ku America chigawo chilichonse chipanga malamulo ake a pamsewu. Pofika 2004 zigawo zonse zinali zitaika 0.08, ndipo mu 2018 chigawo cha Utah chinatsitsa kufika pa 0.05.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lilangiza maiko kuti muyeso usapyole 0.05, ndipo kwa madalaivala achinyamata ndi ongoyamba kumene usapyole 0.02. Bungweli linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amwalira pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti ngozi zimenezi ndizo zipha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29.

OYENDA PANSI NDI APAULENDO

Nkhaniyi siikhudza madalaivala okha. Mu 2019 madokotala a pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe anayesa anthu akuluakulu oposa 1,200 amene anabwera atavulala pamsewu. Anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atamwa mowa, ndipo oyenda pansi ndiwo anapezeka ndi mowa kwambiri kuposa ena onse.

Ichi ndi chenjezo kwa anthu a m'midzi, amene ambiri alibe galimoto. Munthu wochokera ku mowa usiku, atavala zakuda, nayenda pakati pa tala kapena kugona m'mphepete mwake, dalaivala samuona kufikira atayandikira. Chimodzimodzinso wopalasa njinga yopanda nyali, ndi woyendetsa ngolo amene wagona ng'ombe zikudziyendera zokha. Woyenda pansi ayende kudzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto akubwera, ndipo usiku avale choyera kapena anyamule tochi. Mnzake akaledzera, amperekeze kufikira atapatuka pamsewu waukulu.

Apaulendo nawonso ali ndi mphamvu. Dalaivala wa minibasi kapena wa matola akamanunkha mowa, kapena akamamwa ali pa chiwongolero, wokwera ali ndi ufulu wotsika ndi kukanena kwa apolisi pa rodibuloko yoyamba. Ambiri akhala chete chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa choumira ndalama imene alipira kale. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amayi asalole mwana kukwera kabaza wa munthu amene wangotuluka pa mowa, ngakhale munthuyo akhale mbale.

Boma lachitapo zina pofuna kuchepetsa vutoli. Mu 2015 linaletsa mowa waukali wa m'timasacheti, umene madalaivala ndi anyamata ankabisa m'matumba, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yoona za mowa. Koma wapolisi sangaime pa bala lililonse ndi pa mphambano iliyonse. Anthu eni ake ndiwo ayenera kusunga lamulo.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Lamulo sililetsa munthu wamkulu kumwa mowa. Liletsa kuphatikiza mowa ndi chiwongolero. Popeza mowa uyamba ndi kuononga nzeru yolingalira, munthu sangadziyese yekha atamwa kale. Aganize asanalawe chikho choyamba.

1. Amene adziwa kuti ayendetsa, asamwe ngakhale pang'ono.

2. Amene afuna kumwa asiye galimoto kapena njinga kunyumba, kapena apereke makiyi kwa mnzake wosamwa asanayambe.

3. Amene wamwa kwambiri usiku asayendetse m'mamawa.

4. Mlimi akalandira ndalama ya fodya ayambe wafika nayo kunyumba, kapena aisiye ku banki. Chikondwerero chidze pambuyo, pamalo pofika ndi miyendo.

5. Mwini lole kapena njinga ya kabaza adziwe khalidwe la munthu amene wampatsa makiyi, pakuti ngozi ikachitika iyenso adzasumiridwa.

6. Pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa chiliza, eni mwambo asankhiretu dalaivala amene sadzamwa, ndipo amkonzere thobwa ndi zakumwa zozizira.

7. Wogulitsa mowa akaona kuti kasitomala wake wabwera ndi njinga yamoto, amuuze zoona. Kasitomala wamoyo adzabweranso mawa.

Mafumu a kwa Kaluluma, atsogoleri a mipingo ndi a makalabu a alimi apemphedwa kukamba nkhaniyi pa misonkhano yawo msika wa fodya usanatsegulidwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

KWA APHUNZITSI

Phunziroli lingathe kugawidwa pawiri, gawo la malamulo ndi gawo la masamu. Ana ayese mamita 22 pa bwalo la sukulu ndi chingwe, naikepo miyala kumapeto konse, kuti aone ndi maso mtunda umene galimoto iyenda pa sekondi imodzi. Pambuyo pake ayankhe mafunso awa, ndipo akawafunsenso makolo awo kunyumba.

1. Tchulani milandu iwiri ya pa Gawo 128 la Road Traffic Act. Isiyana bwanji?

2. Kodi muyeso woletsedwa m'Malawi ndi wotani? Nanga ku South Africa?

3. Kodi munthu wa kabaza wa njinga yamoto ali pansi pa lamulo limeneli?

4. Galimoto ikuthamanga makilomita 80 pa ola. Iyenda mamita angati pa masekondi 3?

5. Muyeso wa munthu uli pa 0.12 nthawi ya 10 koloko usiku. Chiwindi chichotsa 0.015 pa ola. Kodi mowa udzatheratu m'magazi mwake nthawi yanji?

6. Chifukwa chiyani a nyakwawa sanathe kuthetsa mlandu wa mlimi uja?

7. Kodi mwana achite chiyani akaona kuti dalaivala amene afuna kumnyamula wamwa mowa?

Mayankho a masamu: funso 4, mamita 66. Funso 5, patapita maola 8, ndiye kuti 6 koloko m'mawa.